Laputopu yolimba ndi iti? Mayina a makampani, Windows ndi fumbi la kwathu

Mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka, chikondwerero pakhomo sichikhalitsa. Nthungululu zikatha pamabwera kuwerengera: fizi, lendi ya chipinda, ndalama ya chakudya, thiransipoti, ndiponso chinthu chimene makolo ambiri sanagulepo chibadwire, laputopu. Apa foni ya aliyense pamtundu amene amamveka kuti amadziwako za makompyuta imayamba kulira usana ndi usiku, funso lili limodzi lomwelo: tigule ya kampani iti?

Oyankha sazengereza. Amalume a ku Capital Hill anena HP, poti ndi imene akhala nayo padesiki zaka zonsezi. Azakhali ogwira ntchito kubungwe lothandiza anthu anena Dell. Wokonza makompyuta wa ku Limbe akuuzani kuti mugule ThinkPad basi, zinazo n'zidole. Wojambula mavidiyo a maukwati salola kumva dzina lina kupatula MacBook. Ndiye sipalephera mnyamata wa chaka chachitatu ku MUBAS kapena ku MUST wonena kuti nonsenu mukulimbana ndi chigoba, vuto lenileni ndi Windows, ichotseni muike Linux.

Mkanganowu ndi wakale ndipo sunayambire kuno. IBM itatulutsa kompyuta yake ya munthu mmodzi mu 1981, Apple n'kubwera ndi Macintosh mu 1984, Microsoft n'kutulutsa Windows yoyamba mu 1985, anthu a ku America anagawikana magulu, ndipo mpaka lero sanagwirizane. Koma kumeneko wogula akalakwitsa amabweza katundu kusitolo. Kwathu kuno ndalama ya laputopu imachokera ku matumba a soya kapena ku ngongole ya banki mkhonde, ndipo chitsitsireni mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulakwitsa kamodzi kokha kumatanthauza kuti mwana adzalembera ntchito za kusukulu pafoni mpaka amalize maphunziro. Nkhani yotere si yoyankha motengera dzina limene munthu umalikonda. Ine ndimaona kuti dzina la pachivundikiro limatiuza zochepa kwambiri za moyo wa makinawo, ndipo zimene zimaupha kapena kuutalikitsa zili kwina.

Mkati mwake ndi pachibale

Makampani otchukawa sapanga okha malaputopu awo ambiri. Iwo amajambula mmene makina adzaonekere, n'kusankha zipangizo, koma ntchito yolumikiza amaipereka kwa makampani a ku Taiwan amene mayina awo salembedwa pachivundikiro, monga Quanta, Compal, Wistron ndi Foxconn, omwe mafakitale awo ambiri ali ku China. Kampani imodzi mwa izi ikhoza kutulutsa makina a makampani awiri amene pamsika amaoneka ngati adani. Mukatsegula HP, Dell, Lenovo, Acer kapena Asus mupezamo purosesa ya Intel kapena AMD, RAM ya Samsung, SK Hynix kapena Micron, ndi zina zambiri zochokera kwa ogulitsa omwewo.

N'chifukwa chake chipangizo chimodzi chikalakwika, onse amagwa limodzi. Mu 2006 zinadziwika kuti mabatire ena opangidwa ndi Sony amatha kutentha mpaka kuyaka moto. Dell inaitanitsa mabatire 4.1 miliyoni kuti abwezedwe, Apple 1.8 miliyoni, ndipo Lenovo ndi Toshiba nazonso zinachita chimodzimodzi. Mu 2008 kachipangizo ka zithunzi ka Nvidia kanayamba kufa chifukwa cha kutentha, ndipo eni ake a HP, a Dell ndi a MacBook Pro onse anadzuka n'kupeza sikirini ili bii.

Kampani iliyonse ilinso ndi chipsera chakechake. Makompyuta a padesiki a Dell OptiPlex a zaka za 2003 mpaka 2005 anatchuka ndi timakapasita totupa n'kuchucha. Lenovo mu 2015 inagwidwa ikugulitsa malaputopu okhala ndi pulogalamu yotsatsa malonda ya Superfish, imene inkatsegula mpata woti achiwembu aone zimene munthu akuchita pa intaneti. HP inaitanitsa mabatire oopsa mu 2018. Apple, imene imatamidwa ndi kukongola kwa katundu wake, inaika kiyibodi yopyapyala m'ma MacBook kuyambira 2015 mpaka 2019 yomwe kachinyalala kakang'ono kokha kankaumitsa batani, mpaka mu 2022 kampaniyo inavomera kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu umene ogula anaisumira. Wina akakuuzani kuti kampani yakuti siinalakwitsepo, mbiri ya zinthuzi sanaitsate.

Ya ku ofesi ndi ya kunyumba

Kusiyana kwenikweni kuli mkati mwa kampani imodzi yomweyo. Aliyense mwa akuluakulu atatu ogulitsa makompyuta ochuluka padziko, Lenovo, HP ndi Dell, amapanga mitundu iwiri. Pali ya anthu wamba yogulitsa m'masitolo, monga Lenovo IdeaPad, HP Pavilion ndi Dell Inspiron. Ndiye pali ya makampani ndi maboma, monga ThinkPad, HP EliteBook ndi ProBook, komanso Dell Latitude, dzina limene Dell inalengeza mu Januwale 2025 kuti ikulisiya n'kuyamba kunena kuti Dell Pro.

Munthu wamba m'sitolo amakopeka ndi mtengo ndi kunyezimira. Banki ya ku London yogula malaputopu masauzande nthawi imodzi siimayang'ana kunyezimira. Imafuna makina oti apirire kuponyedwa m'chikwama tsiku lililonse kwa zaka zitatu kapena zinayi, oti mmisiri wa pakampanipo awatsegule msanga n'kusintha chimene chafa, ndiponso oti zosinthira zake zizipezeka. Wopanga akaikhumudwitsa banki yotere wataya msika waukulu, ndiye amasamala. Chigoba chimakhala cha chitsulo chopepuka kapena pulasitiki yolimbitsidwa, mahinji amamangidwa pa chitsulo, kiyibodi imachoka payokha, ndipo buku lofotokoza katsegulidwe ka makinawo, sikuluwu ndi sikuluwu, limaikidwa pa intaneti kwaulere.

Za mahinjizi ndi bwino tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene malaputopu otchipa ambiri amafera. Purosesa kawirikawiri siifa. Chimene chimachitika n'chakuti timtedza tachitsulo togwira hinji timakhala titangomizidwa mu pulasitiki yopyapyala. Mwini wake akamatsegula ndi kutseka, makamaka pogwira pakona imodzi, pulasitikiyo imang'aluka pang'onopang'ono, kenaka ngodya ya sikirini imayamba kuyasama, waya wopita ku sikirini n'kupanika, tsiku lina n'kuduka. Pitani pa benchi ya wokonza aliyense ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mukaona milu ya makina amoyo mkati koma othyoka msana, ena omatidwa ndi guluu, ena obooledwa n'kumangidwa ndi mabawuti. Mukawerenga mayina mupeza kuti makampani onse alimo, koma ochuluka ndi a mtundu wotchipa uja.

Apa ndiye pali mwayi wathu. Makampani a ku Ulaya ndi ku America akamaliza zaka zawo zitatu kapena zinayi amagulitsa makina aja onse pamodzi, ndipo ena amafika kuno ndi dzina lakuti ex-UK. Pulagi yake ndi yofanana ndi yathu ya mano atatu, magetsi akenso ndi amodzimodzi. EliteBook kapena Latitude imene inali yodula kwambiri ili yatsopano imapezeka pa mtengo wofanana, mwinanso wotsikirapo, ndi laputopu yatsopano yam'katoni yokhala ndi purosesa yofooka ya Celeron ndi RAM ya 4GB. Makolo ambiri amasankha yam'katoniyo poopa kugulira mwana kaunjika, ndipo mtima umenewo ndi womveka. Koma pa ziwirizi ine ndingasankhe ya ku ofesi yogwiritsidwapo kale ntchito, bola ikhale ya zaka zoyenera, zimene tizikamba kutsogoloku.

Nanga pakati pa ThinkPad, EliteBook ndi Latitude? ThinkPad ili ndi mbiri yaitali. Inayamba ndi IBM mu 1992, ndipo Lenovo ya ku China inagula gawo la makompyuta la IBM mu 2005. Kiyibodi yake ndi yokoma kulembera kuposa zinzake, ndipo mitundu ngati T480 ya 2018 amisiri amaikonda chifukwa ili ndi malo awiri oikamo RAM komanso mabatire awiri, lina lochotseka kunja. Si ThinkPad iliyonse ili choncho: zopyapyala ngati X1 Carbon zili ndi RAM yowotcherera pa bolodi, yosawonjezereka. HP ndi Dell mphamvu zawo zili pa kuchuluka. Zadzaza m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'mabungwe, kotero chaja, batire kapena sikirini yake simuyenda mtunda wautali kuti muipeze. Zili ngati Toyota pamsewu wa M1: ikafera pa Jenda kapena pa Zalewa, makaniko woidziwa ndi sipeya yake zimapezeka pompo. Kulimba kumene kuli ndi phindu kwa Mmalawi ndi kumeneko, kwakuti makina akafa adzuke sabata yomweyo pa mtengo wofikirika.

Adani atatu a kuno

Makina opangidwira ofesi yozizira ya ku Manchester akafika kuno amakumana ndi zimene sanazizolowere. Mdani woyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fani ya laputopu imakoka fumbi tsiku ndi tsiku, limene limaunjikana potulukira mpweya mpaka kutseka. Makina amayamba kulira, kutentha pansi, kuchedwa, kenaka kuzima okha, mwini wake n'kumatukwana kampani. Chonsecho mankhwala ake ndi kutsegula, kupukuta, ndi kupaka phala latsopano loziziritsa pa purosesa kamodzi pachaka. Wachiwiri ndi kutentha kwa Okutobala, makamaka ku Chigwa cha Shire ndi kunyanja, kuphatikizapo chizolowezi cha ophunzira choika laputopu pabulangete, pomwe mpweya umalowera pansi.

Wachitatu ndi magetsi. Ambiri mwa magetsi athu amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Kuzima kwa magetsi kumachititsa batire kukhala chinthu chofunika kuposa liwiro la purosesa. Koma choopsa kwambiri ndi kubwera kwake, ndiponso majenereta ang'onoang'ono amene mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Chaja yeniyeni ya kampani imateteza makina ku zambiri mwa izi. Chaja yachinyengo, yopepuka m'manja, yotchipa, imangodutsitsa zonse mpaka pa bolodi. Laputopu zambiri zimene timati zinali zosalimba zinaphedwa ndi chaja. Kwa amene ali ndi kompyuta ya padesiki, UPS si chinthu chodzionetsera, chifukwa hard disk yozungulira ikazimitsidwa mwadzidzidzi kawirikawiri imayamba kutaya zolemba.

Mau amodzi pa za hard disk: ngati pali kusintha kumodzi kopindulitsa kuposa kwina kulikonse, ndi kuchotsa hard disk yakale n'kuikamo SSD. Ilibe chozungulira mkati, siopa kugwedezeka kwa m'minibasi, imadya batire pang'ono, ndipo makina amene ankatenga mphindi zingapo kuti ayake amayaka m'masekondi.

Za Apple

Tisanamizane, MacBook ndi makina abwino. Chiyambireni Novembala 2020, pamene Apple inayamba kuika purosesa yakeyake ya M1 m'malo mwa Intel, batire ya MacBook Air imatha kugwira ntchito tsiku lathunthu, ndipo m'dziko la magetsi ozimazima limenelo ndi dalitso lalikulu. MacBook Air ya mtundu umenewu ilibenso fani, kotero siikoka fumbi. Popeza Apple imajambula yokha makina n'kupanganso pulogalamu yowayendetsa, macOS, ziwirizi zimamvana bwino, ndipo mavayirasi oyenda pa fulashi m'malo osindikizira mapepala saigwira. Kwa wojambula mavidiyo kapena wokonza nyimbo amene amapeza ndalama kudzera pa makinawo, kuigula n'kwanzeru.

Vuto limayamba tsiku limene yadwala. RAM ndi posungira zinthu zonse n'zowotcherera pa bolodi. Simungawonjezere, simungasinthe, ndipo bolodi ikafa, zimene munasunga zimatsala momwemo. Sikirini ikasweka, yosinthira nthawi zambiri imaitanitsidwa ku South Africa kapena kutali kuposa apo, pa ndalama yakunja yomwe ndi yosowa, ndipo mtengo wake ukhoza kugula ThinkPad yathunthu. Pali msampha winanso kwa ogula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ma Mac a masiku ano amamangiriridwa ku akaunti ya mwini wake kudzera mu Activation Lock. Ngati mwini woyamba sanaichotse pa akaunti yake, tsiku limene mudzaifomate idzakufunsani pasiwedi ya munthu amene simukumudziwa, ndipo palibe mmisiri wa m'tauni angakutsegulireni mwachilungamo. Ma MacBook akale a Intel amene akugulitsidwa motchipa nawonso nthawi yawo ikutha: Apple inanena mu 2025 kuti macOS Tahoe ndi yomaliza kuyenda pa Intel.

Windows ndi tsiku la 14 Okutobala 2025

Pafupifupi makompyuta 7 mwa 10 aliwonse padziko amayendera Windows, ndipo kuno kwathu pafupifupi ofesi iliyonse ndi Windows. Ubwino wake ndi womwewo wa HP ndi Dell: aliyense amaidziwa, pirinta iliyonse imagwirizana nayo, ndipo mapulogalamu a akauntanti, a mainjiniya ndi a osindikiza makadi a ukwati analembedwera iyo. Anthu amainena kuti imagwa ndi kugwidwa mavayirasi, ndipo mbiriyo ili ndi maziko. Koma tikayang'anitsitsa ngozi zikuluzikulu, zimatiphunzitsa china.

Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150, n'kumafuna dipo. Zipatala za boma ku Britain zinalephera kuona odwala pafupifupi 19,000 amene anali atapatsidwa kale masiku. Chonsecho Microsoft inali itatulutsa chotsekera mpatawo miyezi iwiri m'mbuyomo, mu Malichi. Amene anagwa ndi amene sanalandire maapudeti. Pa 19 Julaye 2024 makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anaonetsa sikirini yabuluu tsiku limodzi, ndege zikwizikwi n'kulephera kunyamuka, mabanki n'kuima. Wolakwa sanali Microsoft koma CrowdStrike, kampani ya zachitetezo imene inatumiza apudeti yolakwika ku makasitomala ake. Windows yosamalidwa bwino, yolandira maapudeti, yosadzazidwa mapulogalamu osadziwika kochokera, imagwira ntchito zaka popanda chovuta, ndipo Defender yomwe imabwera nayo kale imakwanira munthu wamba.

Nanga Windows yathu ndi yosamalidwa? Apa mpamene mtima wanga umawawa. Makina ambiri kuno amayendera Windows ndi Office zobera, zoikidwa ndi timapulogalamu tothyolera loko timene timafuna kuti muyambe mwazimitsa chitetezo. Ambiri amatsekanso maapudeti dala, chifukwa apudeti imodzi imatha kumaliza bandulo ya sabata yonse. Sindikuwaweruza, bandulo ndi ndalama. Koma zotsatira zake ndi zimene timaziona m'malo osindikizira pafupi ndi makoleji, kumene fulashi imalowa yabwinobwino n'kutuluka mafoda onse atasanduka mashotikati. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti malaputopu a ku ofesi aja kawirikawiri amabwera ndi laisensi yeniyeni ya Windows yolembedwa kale mu bolodi. Mukaikamo Windows yoyera yochokera ku Microsoft, ya mtundu wofanana ndi laisensiyo, imadzitsegula yokha ikangolumikizidwa pa intaneti. Anthu akuika yobera pamwamba pa yeniyeni imene analipira kale osadziwa.

Tsopano pafika nkhani yaikulu kuposa zonsezi. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kupereka maapudeti aulere a Windows 10, monga inachitira ndi Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020. Inasiya kakhomo kakang'ono koti anthu wamba olembetsa alandirebe zachitetezo kwa chaka chimodzi chowonjezera. Makina a Windows 10 sazima ayi, amayakabe monga kale, koma mpata uliwonse watsopano umene achiwembu aupeza sutsekedwanso. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, ili ndi malire ake: imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD ya nthawi yofananayo. Ndiye kuti EliteBook 840 G3, Latitude E7470 ndi ThinkPad T470, makina olimba amene adzaza m'mashopu athu, ali kunja kwa mpanda. EliteBook 840 G5, Latitude 7490 ndi ThinkPad T480 zili mkati, bola purosesa yake ikhale ya m'badwo wa 8.

Makampani a kunja atataya makina osayenerera Windows 11, makinawo sanasungunuke. Akufuna msika, ndipo msikawo ndi ife. Wogulitsa amangoti, "Iyi ndi Core i7, bwana, yamphamvu," osatchula m'badwo. Chonsecho i7 ya 2013 nthawi zambiri imagonja kwa i5 ya 2018. M'badwo umaoneka pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere (kuyambira m'badwo wa 10, pa manambala awiri oyamba): i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6, i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8. Ena amakakamiza Windows 11 pa makina akale podutsa kuseri, n'kuionetsa kwa wogula ikuyenda bwinobwino. Imayendadi, koma Microsoft inachenjeza kuti makina otere siikuwalonjeza maapudeti.

Linux, ndi amene ingawathandize

Mnyamata wa ku MUBAS uja tsopano ali ndi mfundo. Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera n'kuikonza. Pa kukhazikika palibe woitsutsa: kuyambira Novembala 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko amayendera Linux, maseva ambiri a intaneti ndi Linux, ndipo foni ya Android imene ili m'thumba mwanu maziko ake ndi Linux. Mtundu wotchuka wa Ubuntu unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo mpaka 2011 kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha padziko lonse. Zaka ziwiri zilizonse, mu Epulo, amatulutsa mtundu umene amausamalira kwa zaka zisanu. Kuno kwathu bungwe la Baobab Health linamanga makompyuta okhudza pa sikirini a m'zipatala, makamaka zoperekera ma ARV, pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere otere ndi makina odya magetsi ochepa oyendera mabatire. Analingalira za fumbi ndi kuzima kwa magetsi kuyambira pa chiyambi, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha kusankha makina poyang'ana malo amene akagwire ntchito.

T470 imene Windows 11 yaikana, mukaiika Linux Mint kapena Ubuntu imakhala ndi zaka zina zambiri za moyo wotetezeka. Kwa wophunzira za uphunzitsi, za malamulo kapena za chitukuko, amene ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga ma PDF ndi kufufuza pa intaneti, LibreOffice ndi Firefox kapena Chrome zimakwanira, ndipo vayirasi ya mashotikati ija siimugwira.

Koma okonda Linux amakonda kubisa zovuta zake, ndipo potero amaiipitsira mbiri. AutoCAD, Photoshop, CorelDRAW ndi Microsoft Office ya pakompyuta siziyenda pa Linux. Wophunzira za uinjiniya kapena zojambula mapulani a nyumba mukamuikira Linux mwamulakwira. Chikalata cholembedwa mu LibreOffice nthawi zina chimasokonekera matebulo chikatsegulidwa mu Word ya aphunzitsi, choncho ndi bwino kutumiza PDF kumene akulola. Mapirinta ena amavuta. Koposa zonse, zikakuvutani ku Nsanje kapena ku Chitipa, wodziwa Windows mumupeza pa trading centre, wodziwa Linux mwina ayi. Ngakhale mzinda wolemera wa Munich ku Germany, umene unasamutsira makompyuta ake masauzande ku Linux, khonsolo yake inavota mu 2017 kuti ibwerere ku Windows, pomwe chigawo china cha dziko lomwelo, Schleswig-Holstein, chinalengeza mu 2024 kuti chikusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kuchoka ku Microsoft. Nayonso Linux si yosaboleka: mu Malichi 2024 kunapezeka khomo lachinsinsi limene wina anabisa mu pulogalamu yaing'ono ya XZ, ndipo amene analitulukira lisanafalikire, Andres Freund, ndi injiniya wa Microsoft.

Chromebook siifuna mau ambiri. Ndi yotchipa, batire yake imakhalitsa, koma ntchito zake zambiri zimadalira intaneti, ndipo mapulogalamu ambiri a kukoleji sayendapo. Ena akuigulitsa ngati laputopu wamba kwa osadziwa.

Tsiku logula

Makina a ku ofesi ogwiritsidwapo kale ntchito amafuna kuyesedwa musanapereke ndalama, ndipo wogulitsa wokana kuti muyese wakuuzani kale zonse. Onani nambala yonse ya purosesa m'makina momwemo, osati pa kasitika. RAM isachepere 8GB, ndipo mufunse ngati ili yowonjezereka. Zulani chaja muone ngati makina akhalabe oyaka. Lamulo la powercfg /batteryreport mu Windows limaonetsa mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mukumvetsera pa mahinji. Lembani zilembo zonse za pa kiyibodi, lowetsani fulashi m'mabowo onse, yesani kamera ndi WiFi. Lowani mu BIOS: ngati ikufunsa pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, makinawo adakali omangidwa ndi kampani imene inali mwini wake, kapena anabedwa. Nyamulani chaja m'manja muone ngati ndi yeniyeni. Ndipo mutenge risiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi masiku a chitsimikizo, ngakhale akhale 30 okha.

Komabe si chilungamo kusenzetsa mlimi wa ku Mchinji udindo wonse wodziwa kusiyana kwa 6300U ndi 8250U. Iye wabwera ndi ndalama ya thukuta lake kudzagulira mwana chida cha sukulu. Wogulitsa amadziwa bwino lomwe m'badwo wa makina aliwonse pa shelefu yake, chifukwa nayenso anagula pa mitengo yosiyana. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ntchito yake ndi kuteteza ogula, likhoza kuyambira pa chinthu chaching'ono: laputopu iliyonse yogulitsidwa ilembedwe poonekera nambala yonse ya purosesa, thanzi la batire, ndiponso ngati ikuloledwa kulandira Windows 11. Makina akale asaletsedwe, ali ndi ntchito, koma agulitsidwe pa mtengo wa makina akale, wogula akudziwa chimene watenga. Chimodzimodzinso masukulu a sekondale amene amalandira makompyuta a mphatso kuchokera kunja: afunse opereka kuti makinawo adzayendera chiyani zaka zitatu zikubwerazi, ndipo ngati yankho ndi Linux, mphatsoyo ibwere pamodzi ndi maphunziro a mphunzitsi amene adzawasamalire.